Franco 424, Wagner 422: nanga bwanji wina ali ku Cooperstown, wina ali kunyumba?

Chitedze42
Akuluakulu, ndithandizeni mutu usanandizungulire. Billy Wagner adasankhidwa kulowa mu Hall of Fame ya baseball ku Cooperstown, nyumba yolemekeza akatswiri a masewerawa, mu 2025, pa mwayi wake wakhumi womwenso udali womaliza. Ma save ake ndi 422. John Franco ali ndi 424, awiri pamwamba pa Wagner, ndipo onse awiri ankaponya ndi dzanja lamanzere. Koma Franco adangoonekera kamodzi pa pepala la mavoti mu 2011, osafika ngakhale 5 peresenti, dzina lake n'kufufutidwa. Francisco Rodríguez ali ndi 437, nayenso mavoti akungomugwera apo ndi apo. Ndiye nambala imeneyi ili ndi ntchito, kapena timangoiwerenga chifukwa choti ilipo?

Kalulu_wa_Bronx
Yankho ndi lalifupi. Mariano Rivera, 652. Enawo akanganirane malo achiwiri.

Chitedze42
Aise, sindinafunse za Rivera.

Nachisale_Leeds
Pepani abale, ine ndine wachilendo pa zimenezi. Ndidayamba kutsata baseball a Yankees ndi a Red Sox atabwera kudzasewera ku London mu 2019, ndipo gemu yoyamba ija idatha 17 kwa 13, moti za oponya sindidaphunzirepo kanthu tsiku limenelo. Save imawerengedwa bwanji kwenikweni?

Mphunzitsi_Wopuma
Funsani achemwali, tonse tidayambira pomwepo. Gemu imakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning. Woponya amene wayamba kawirikawiri safika kumapeto, ndiye ena amabwera kudzamulandira. Save imapita kwa amene wamaliza gemu yomwe timu yake yapambana, bola iye asakhale amene walembedwa kuti ndiye woponya wopambana. Pamwamba pa apo akwaniritse chimodzi mwa zitatu. Alowe timu yake ikutsogola ndi ma run (zigoli) osapitirira atatu ndipo aponye inning yathunthu. Kapena alowe pamene munthu amene angafananitse zigoli ali pa base, kapena ndiye akumenya, kapena ndiye wotsatira. Kapena aponye ma inning atatu omaliza, kaya akutsogola ndi angati. Lamulo lili chonchi kuyambira 1975.

Chofunika kudziwa n'chakuti nambalayi sidabadwe limodzi ndi masewerawa. Adaipeka ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo Major League Baseball idayamba kuiwerengera mwalamulo mu 1969. Chidamukwiyitsa Holtzman ndi nkhani ya Roy Face wa Pittsburgh Pirates, amene mu 1959 adalembedwa kuti wapambana magemu 18 n'kugonja imodzi yokha. Anthu adamutama kwambiri. Koma m'magemu angapo mwa amenewo Face ankalowa timu ikutsogola, iye n'kuwononga, kenako anzake omenya n'kubwezanso zigoli, chipambano n'kulembedwa pa dzina lake. Holtzman ankafuna muyeso wachilungamo kwa oponya olandira anzawo. Cholinga chidali chabwino.

Fisi_wa_Fenway
Cholinga chabwino, mwana wake wopunduka. A Nachisale, mverani iyi. Pa 22 Ogasiti 2007 a Texas Rangers adakwapula a Baltimore Orioles 30 kwa 3. Wes Littleton adaponya ma inning atatu omaliza, ndipo adalandira save. Kusiyana kwa ma run 27! Ankapulumutsa chiyani pamenepo?

Nachisale_Leeds
Koma ndiye zoseketsa. Ndiye save ya ameneyo ndi yofanana ndi ya munthu wolowa ma base atadzaza akutsogola ndi imodzi?

Fisi_wa_Fenway
M'buku, ee. Imodzi kwa imodzi.

Gogo_Knuckleball
Ana inu mukuyambira nkhani pakati. Vuto lalikulu si Littleton, zoterozo zimachitika mwa apo ndi apo. Vuto ndi lakuti ntchito ya woponya womaliza idasinthiratu, koma dzina la nambala silidasinthe.

M'zaka za m'ma 1970 ankawatcha ozimitsa moto, ndipo kochi ankamuitana woponya wake wabwino pamene zinthu zavuta, kaya ndi inning ya 6 kaya ya 7, kaya zigoli n'zofanana. Akalowa ndiye kuti walowa mpaka gemu ithe. Mike Marshall wa Los Angeles Dodgers mu 1974 adaponya m'magemu 106, ma inning opitirira 208, osayamba gemu ngakhale imodzi. Adatenga Cy Young, mphoto ya woponya wabwino koposa mu ligi, chaka chimenecho. Ma save ake? 21 okha. Lero closer, woponya womaliza, wa ma save 21 amati wagona.

Tengani Goose Gossage. Pa 2 Okutobala 1978 ku Fenway Park, gemu imodzi yosankha mwini wa gulu la AL East pakati pa Yankees ndi Red Sox, adalowa mu inning ya 7 munthu mmodzi yekha atatuluka. Adamaliza yekha mpaka kumutulutsa Carl Yastrzemski, anthu awiri ali pa ma base, gemu n'kutha 5 kwa 4. Imeneyo idalembedwa save imodzi. Pa moyo wake wonse ali ndi 310, m'ma inning opitirira 1,800. Rollie Fingers 341, m'ma inning opitirira 1,700. Wagner 422 m'ma inning 903. Mukuona? Wina walima munda wonse kuyambira m'mamawa, wina wabwera dzuwa litapendeka kudzamaliza mzere womaliza, ndiye mukuwerenga kuti ndani adamaliza mizere yomaliza yambiri.

Fisi_wa_Fenway
Agogo, pa magemu onse a padziko mwasankha ya 1978? Mukufuna ndisadye lero.

Kalulu_wa_Bronx
Musadye amwene. Bucky Dent, wa home run ya Yankees pa gemu imeneyo, akupereka moni.

NyasaKuToronto
Agogo, ndikugwirizana nanu theka. Ma inning a Gossage ndi ambiri, inde, koma ena adawaponya ngati woyamba gemu. Mu 1976 a Chicago White Sox adamuika kukhala woyamba chaka chonse, ndiye 1,800 ija musaiwerenge yonse ngati yozimitsa moto. Chinanso, mzere womalizawo si wofewa monga mukunenera. Wagner adatulutsa omenya 1,196 ndi strikeout m'ma inning 903 aja, ndipo ERA yake, kutanthauza ma run amene ankalola pa ma inning 9 aliwonse, idali 2.31. Ya Gossage 3.01. Ndipo Wagner ankaponya nthawi imene ma home run ankagwa ngati palibe mawa, kumapeto kwa ma 1990 ndi kuchiyambi kwa ma 2000.

Kwa a Chitedze, yankho la funso lanu lili pomwepa. Franco adaponya ma inning ambiri kuposa Wagner, ERA yake 2.89, woponya wabwino ndithu amene adakhalitsa. Koma ovota sadayang'ane 424 ndi 422. Adafunsa kuti omenya ankamuopa ndani. Omenya ankamumenya Wagner pa .187 basi, kutanthauza kumenya bwino kosakwana ka 19 pa mipata 100. Franco ankakutulutsa mwaulemu ndi changeup, mpira wobwera pang'onopang'ono monamiza, Wagner ankakuchititsa manyazi.

Gogo_Knuckleball
ERA yotsika imabwera mosavuta ukadziwa kuti uponya kwa anthu atatu okha, mwanawe. Umatulutsa mphamvu zonse osasunga kanthu. Umupatse Gossage wa 1977 ntchito ya inning imodzi, ma base opanda munthu, uone ngati wina akadaukhudza mpirawo.

NyasaKuToronto
Mwina. Koma zimenezo sitingaziyeze. Tikhoza kungoyeza zimene zidachitika.

Mlonda_wa_Usiku
Inu muli ku Toronto mukuonera madzulo mutakhuta. Kuno gemu ya 7 koloko ya ku New York imayamba 1 koloko usiku, ndiye closer amalowa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Ine wa ntchito ya usiku zimandikomera, koma magetsi akathima ndi foni n'kutha moto, inning ya 9 ndimaimva kwa anthu. Ma closer ambiri ndimawadziwa pa manambala okha.

Jubeki_Boy
Kkkk madala, kuno ku Joni n'chimodzimodzi, ola ndi lomwelo. Koma tili ndi athu. Gift Ngoepe adasewera ndi Pirates mu 2017, woyamba wobadwira mu Africa kufika ku Major League. Tayler Scott wa konkuno ku Johannesburg ndi woponya wolandira anzake, adayamba ndi Seattle Mariners mu 2019.

Nachisale_Leeds
Scott ameneyo ndi closer?

Jubeki_Boy
Ayi asisi, ndi wa pakati, amene amalowa pa 6 kapena pa 7. Anthu amenewa ndiwo save imawabera. Ukalowa pa 7 n'kusunga chitsogozo umangolandira hold, nambala imene palibe amaikumbuka. Ukachitaya amakulemba blown save, save yotayika, ngati udali closer. Phindu ulibe, mlandu uli nawo.

Mlonda_wa_Usiku
Pali amene akudziwa njira yoonera osatha bandulo yonse pa gemu imodzi? Ine ndimangomvera mawu okha, zithunzi zimadya ndalama.

Chitedze42
Za bandulo tsegulani ulusi wina chonde. Tibwerere ku Cooperstown.

Mphunzitsi_Wopuma
Tibwereredi. A Jubeki_Boy akhudza pamene pali fupa. Nambala imene idapangidwa kuti iyeze ntchito idasanduka yolamula ntchito.

Anthu ambiri amaloza kwa kochi Tony La Russa ndi woponya Dennis Eckersley ku Oakland. Eckersley adali woyamba magemu kwa zaka zoposa khumi, adafika ku Oakland mu 1987 anthu akuti watha. La Russa adayamba kumusungira inning ya 9, timu ikamatsogola, ndipo ena adapatsidwa ya 7 ndi ya 8. Zidayenda modabwitsa. Mu 1990 ERA yake idali 0.61 ndi ma save 48, mu 1992 adatenga Cy Young ndi MVP (mphoto ya wosewera wofunika koposa) pamodzi ndi ma save 51. Makochi ena adaona, n'kutengera onse.

Taonani mmene rekodi ya chaka chimodzi idakwerera. John Hiller 38 mu 1973. Dan Quisenberry 45 mu 1983, Bruce Sutter n'kufikaponso mu 1984. Dave Righetti 46 mu 1986. Bobby Thigpen 57 mu 1990. Francisco Rodríguez 62 mu 2008. Kodi Thigpen adali woponya woposa Sutter? Palibe angatero. Adangopatsidwa mipata yambiri, yaifupi. Ndipo Rodríguez wa 62 uja, chaka chimenecho a Angels ankapambana magemu ambiri ndi kusiyana kochepa, ndiye chitseko chinkangomutsegukira.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Joe Borowski wa Cleveland mu 2007. Adatsogola American League yonse ndi ma save 45, ERA yake ili 5.07. Woponya wa ERA yotero akadakhala wa pakati akadamutumiza kwawo.

Kalulu_wa_Bronx
Zonsezi n'zoona kwa anthu wamba. Koma musamuike Rivera m'thumba limenelo. ERA 2.21 pa zaka 19. M'ma playoff ma inning 141, ERA 0.70, ma save 42, ndipo kumeneko kochi Joe Torre sankadikira ya 9, ankamulowetsa pa 8. Gemu ya 7 ya ALCS, mpikisano wosankha katswiri wa American League, mu 2003 adaponya ma inning atatu osalola kanthu mpaka Aaron Boone adamaliza nkhani ndi home run. Mu 2019 ovota onse 425 adamulemba, chinthu chimene sichidachitikepo kwa wosewera wina aliyense. Ndi mpira umodzi wokha, cutter, aliyense akudziwa kuti ukubwera.

Fisi_wa_Fenway
Magemu amene Rivera adataya chitsogozo: 2001, Luis Gonzalez. 2004, Dave Roberts. Ndangodutsa.

Kalulu_wa_Bronx
Magemu awiri pa ma inning 141. Pitirizani kudutsa.

Gogo_Knuckleball
Kalulu, pa Rivera sindikutsutsa, ndipo ndikupatsa chida chimene wasiya. Chaka chimene adaponya ma inning ambiri ndi 1996, opitirira 107, ndi ma strikeout 130. Closer wa Yankees adali John Wetteland, Rivera ankaponya ya 7 ndi ya 8. Ma save ake chaka chimenecho adali asanu. Asanu! Koma adakhala wachitatu pa mavoti a Cy Young. Ukangowerenga ma save unganene kuti 1996 Rivera sadagwire ntchito. Ndiye ngakhale pa munthu wa 652, nambalayi ikunama.

Kalulu_wa_Bronx
Agogo mwandithandiza mondimenya.

NyasaKuToronto
Ine nkhani imene idanditsimikizira kuti save yawalowa makochi m'mutu idachitikira mumzinda uno. Okutobala 2016, gemu ya Wild Card, Orioles ndi Blue Jays, wogonja apite kwawo. Zack Britton chaka chimenecho adali ndi ma save 47 pa mipata 47, ERA 0.54. Gemu idafika inning ya 11 zigoli zili 2 kwa 2. Kochi wa Orioles Buck Showalter adalowetsa oponya ena angapo, Britton ali chikhalire, kumusungira nthawi imene timu idzatsogole. Nthawiyo sidafike. Edwin Encarnación adamenya home run ya ma run atatu kwa Ubaldo Jiménez, nyengo ya Baltimore n'kuthera pomwepo. Mumsewu wathu anthu adakuwa mpaka agalu kudabwa.

Mwezi womwewo kochi Terry Francona wa Cleveland ankamulowetsa Andrew Miller pa 5, pa 6, pa 7, paliponse pamene pavuta, ndipo Miller adatenga MVP wa ALCS. Kachitidwe ka agogo kaja kadabwerera kwa milungu ingapo.

Mai_a_Tadala_Indiana
Nonse mukuiwala ndalama. Mukuganiza kuti osewerawo sadziwa kuti save ndi nambala yopereŵera? Akudziwa. Koma pokambirana malipiro ndiyo imalankhula. Dellin Betances wa Yankees adali mmodzi mwa oponya oopsa kwambiri, koma nthawi zambiri ankaponya ya 8. Mu 2017 adapita ku arbitration, komwe oweruza amagamula za malipiro, akufuna madola 5 miliyoni, adaluza n'kupatsidwa 3 miliyoni, ndipo mbali ya timu idanena poyera kuti iye si closer. Josh Hader naye adaluza arbitration ndi Milwaukee mu 2020, atakhala akuponya ma inning awiriawiri pamene timu yamufuna. Zitatero adayamba kuponya inning imodzi basi, ndipo mu 2024 a Houston Astros adamupatsa 95 miliyoni ya zaka zisanu. Inu mukadakhala iye mukadatani? Mkono ndi umodzi, ana akudikira.

Gogo_Knuckleball
Mayi, pamenepo mwanena zoona. Sindiwada anyamatawa. Ndikudana ndi kuwaika pamzere umodzi ndi Hoyt Wilhelm ngati ntchito idali imodzi. Wilhelm adayamba ku Major League mu 1952 ali ndi zaka 29, adaponya knuckleball mpaka 1972 atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 50, ma inning opitirira 2,200, ERA 2.52. Ma save ake ambiri adachita kuwawerengera m'mbuyo, chifukwa pamene ankawapeza nambalayo kudalibe. Ndiye woponya wolandira anzake woyamba kulowa ku Cooperstown, mu 1985. Pa mndandanda wa ma save lero muyenera kutsika kwambiri kuti mumupeze.

Chitedze42
Chabwino, ndamva kuti tisayerekeze a 1975 ndi a 2005. Nanga a nthawi imodzi? Pamenepo nambala igwire ntchito, si choncho?

Mphunzitsi_Wopuma
Ngakhale pamenepo samalani. Sutter ndi Quisenberry ndi a nthawi imodzi. Ma inning awo ndi pafupifupi ofanana ndendende, 1,042 kwa Sutter, 1,043 kwa Quisenberry. ERA ya Sutter 2.83, ya Quisenberry 2.76. Aliyense adatsogola ligi yake pa ma save kasanu. Kusiyana kuli pa chiwerengero chonse: Sutter 300, Quisenberry 244. Sutter adalowa mu 2006. Quisenberry adagwa pa voti yoyamba mu 1996. Ena amati Sutter adalowa chifukwa chotchukitsa split-finger ndi Cy Young ya 1979, ndipo ndikuvomera kuti zimenezo zili ndi kulemera kwake. Koma ndikukhulupirira kuti 300 yozungulira bwino ija idamuthandiza, pamene 244 sikoma m'kamwa.

Lee Smith ndiye mbali inayo. Adapuma ali ndi 478, rekodi imene idakhala mpaka Trevor Hoffman adaidutsa mu 2006. Atolankhani adamukana zaka 15 zonse, mpaka komiti yapadera idamulowetsa m'gulu la 2019. Ndiye ovota omwewo, kwa wina nambala ikwanira, kwa wina sikwanira. Hoffman wa 601 adadikira mpaka voti yachitatu.

Fisi_wa_Fenway
Ndipo ngati tikuwerenga ma save tiwerengenso otayika. Gossage wa agogoyu ali ndi ma blown save 112, palibe womuposa.

Gogo_Knuckleball
Chifukwa ankalowa anthu ali kale pa ma base, n'kukhala ma inning awiri atatu! Wolowa pa 9 ma base ali mbee, akutsogola ndi atatu, ataye bwanji? Nambala imeneyo ikunena za mmene ankamugwiritsira ntchito, chimodzimodzi inzakeyo.

Fisi_wa_Fenway
Ndimafuna ndikuoneni mutakwiya basi, kubwezera ya 1978.

Mai_a_Tadala_Indiana
Pa Wagner pali chimodzi chimene a ku Toronto adachilumpha. M'ma playoff ERA yake ndi 10.03. Ngati Rivera timamukweza chifukwa cha Okutobala, Wagner timutsitse chifukwa cha Okutobala yemweyo.

NyasaKuToronto
M'ma inning osakwana 12, mayi. Magemu awiri oipa akwanira kuwononga nambala yotero. 141 ndi 12 si zinthu zoyezera pa sikelo imodzi.

Mai_a_Tadala_Indiana
Ndiye kuti zikakomera munthu wanu ma inning ochepa alibe vuto, 903 akwanira. Zikamuipira, ma inning achepa. Sankhani chimodzi bambo.

NyasaKuToronto
903 ndi zaka 16 za ntchito. 12 ndi milungu iwiri.

Jubeki_Boy
Mukudziwa kuti Wagner adabadwa wamanja? Adathyoka mkono wamanja kawiri ali mwana, n'kuphunzira kuponya ndi wamanzere. Ine pa chokhacho ndikadamuvotera.

Nachisale_Leeds
Funso lina la mlendo. Alipo amene angadzafike pa 652?

Mphunzitsi_Wopuma
Ndikukayika, achemwali, ndipo chifukwa chake n'chomwe takhala tikunena. Kuti ufike pamenepo uyenera ma save 40 chaka chilichonse kwa zaka 16, udakali osafikabe. Matimu ambiri tsopano amagawa inning ya 9 kwa anthu awiri atatu malinga ndi amene akubwera kudzamenya, ndipo oponya mwamphamvu chonchi mikono imawathera msanga. Ntchito ikusinthanso. Mwana amene adzaone closer wa 2035 ali ndi 250 adzati adali wamba, monga ena amanenera za Quisenberry lero.

Chitedze42
Ndiye Kenley Jansen ndi Craig Kimbrel? Onse awiri adadutsa 422 ya Wagner. Alowa?

Kalulu_wa_Bronx
Jansen alowa, mochedwa. Kimbrel ayi.

NyasaKuToronto
Kimbrel wa ku Atlanta, 2011 mpaka 2014, adatsogola National League pa ma save zaka zinayi zotsatizana, ndipo mu 2012 adatulutsa ndi strikeout theka la anthu onse amene adakumana nawo. Jansen sadafikepo pamenepo. Ngati mukumulowetsa Jansen chifukwa chokhalitsa, bwererani mukamutenge Franco.

Gogo_Knuckleball
Onse awiri adikire panja mpaka Quisenberry alowe.

Mlonda_wa_Usiku
Magetsi abwera. Za bandulo zija palibe wandiyankha.